Kanyimbo ka sopo si manyazi, achimwene

Achimwene ena anditumizira imelo. Amaimba kiyibodi kutchalitchi, koma ndalama amazipeza popeka tinyimbo totsatsira malonda pawailesi. Anzawo akuwanena kuti luso alitayira pa sopo ndi mafuta ophikira, ndiye akufunsa ngati asiye.

Achimwene, amene andipsetsa mtima ndi anzanuwo. Ine mawu amenewa anandilasapo nthawi yomwe ndinkaimba gitala m'maukwati. Wondinenayo anali mnzanga wa m'kwaya, ankati iye akudikira "nyimbo zenizeni". Ine ndinkafika kunyumba usiku zala zitatupa, m'thumba muli kaenivelopu, m'manja muli mpunga wotsala wa paukwati. Iyeyo mpaka lero akudikirabe.

Tamvani za A. R. Rahman, katswiri wopeka nyimbo za m'mafilimu wa ku India. Anabadwa mu 1967 ku Madras, komwe pano amati Chennai. Bambo ake, R. K. Shekhar, ankapeka nyimbo za m'mafilimu, koma anamwalira mwanayo ali ndi zaka 9 zokha. Pakhomo ankadyera kubwereketsa zida zoimbira za malemuwo. Asanakule n'komwe anali akuimba kale kiyibodi m'gulu la Ilaiyaraaja, wopeka nyimbo wotchuka wa kumeneko. Kenako analowa ntchito yanu yomweyi, tinyimbo ta malonda, kwa zaka ndithu, n'kumanga situdiyo kuseri kwa nyumba yawo. Ali pantchito imeneyo, wotsogolera mafilimu Mani Ratnam anamupatsa ntchito yopeka nyimbo za filimu ya Roja ya mu 1992. Mu 2009 anatenga ma Oscar awiri, mphoto zapamwamba za mafilimu, chifukwa cha nyimbo za filimu ya Slumdog Millionaire.

Ndipo musaganize kuti anapambana ngakhale ankapanga za malonda. Za malondazo n'zimene zinamusula. Mwapatsidwa masekondi 30, mwini sopo wakhala pambali akugwedeza mwendo, akufuna mayi wa kumsika aziimba kanyimboko mawa lomwe. Filimu imafunanso zomwezo: wotsogolera akati chisoni chiyambe pamene mtsikana akutseka chitseko, chiyambe pomwepo basi. Komanso ndinene, oimba athu ambiri akanapindula atagwirako ntchito imeneyi. Nyimbo imayamba, mphindi yathunthu munthu akungotchula dzina lake ndi la wojambula, ife tikudikira. Wotsatsa malonda sangalipire zimenezo.

Zoti muchite

Musasiye. Musanajambule kalikonse, gwirizanani polemba kuti kanyimboko kaulutsidwa kwa nthawi yaitali bwanji ndipo mwini wake ndani. Kalembetseni ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina m'Malawi. Tinyimbo tanu tabwino kwambiri tisungeni pamodzi, mukatimvetsere achinyamata omwe akujambula mafilimu afupiafupi.