Ndodo ya Bernarda ndi diresi lobiriwira la Adela

Adzukulu anga awiri a m'gulu la zisudzo ku koleji, mwandibweretsera mkangano wanu pa sewero la ku Spain lomwe mukukonzekera, lija lotchedwa La casa de Bernarda Alba, kutanthauza Nyumba ya Bernarda Alba. Iwe mtsikana ukuti seweroli latsimikiza kuti mwambo ndi ndende ya akazi, choncho munthu azingotsata kumene mtima wamukokera. Iwe mnyamata ukuti Adela anaziputa yekha posamvera mayi ake, Bernarda. Mukufuna ine ndigamule. Kokani mpando, pakuti nonse mwaonapo mbali imodzi yokha.

Mlembi wake, Federico García Lorca, anamaliza seweroli mu June 1936, ndipo patangopita miyezi iwiri anaphedwa ndi mfuti pafupi ndi mzinda wa Granada, nkhondo yapachiweniweni itangoyamba m'dziko mwawo. Sanalione likuseweredwa. Linayamba kuonetsedwa mu 1945 ku Buenos Aires, m'dziko la Argentina, kutsidya la nyanja. Iye anakulira m'midzi ya ku Andalusia, chigawo cha kummwera kwa Spain, kumene mbiri ya banja lonse inkapachikidwa pa unamwali wa mwana wamkazi, ndiye ankalemba zomwe maso ake anaona.

Bernarda atataya mwamuna wake wachiwiri analamula kuti m'nyumba mukhale maliro a zaka 8, zitseko ndi mazenera zotseka, ana ake aakazi asanu atavala zakuda. Wamkulu, Angustias, ali ndi zaka 39. Wamng'ono, Adela, ali ndi 20. Tawerenga wekha, mdzukulu wanga wamwamuna: pomasulidwa, Adela akanakhala ndi zaka 28, m'mudzi momwe mtsikana wa msinkhu umenewo ankaonedwa ngati wapitirira. Iwe ukanapirira? Usandiyankhe msanga. Kulira wakufa si kulakwa, ifenso timalira. Koma kwathu kuno maliro amakhala ndi pothera. Timameta, ndipo pakapita nthawi wofedwa amasudzulidwa kuti moyo upitirire. Makolo ankadziwa kuti wamoyo saikidwa m'manda limodzi ndi wakufa. Bernarda sakulira mwamuna wake ayi. Akuopa pakamwa pa anansi. Makoma a nyumba yake ndi oyera mbee, koma chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Pali kanthu kena komwe achinyamata mumakadumpha powerenga. Martirio, mmodzi wa ana aakaziwo, uja mumamuda chifukwa cha nsanje, anali naye womufuna, Enrique Humanes. Bernarda anamuthamangitsa chifukwa bambo ake anali waganyu wa m'minda. Kuwawa mtima kwa Martirio kunachita kubzalidwa ndi mayi ake. Nawonso agogo a m'nyumbamo, María Josefa, nkhalamba ya zaka 80, amatsekeredwa m'chipinda chifukwa amafuula kuti akufuna kukakwatiwa m'mbali mwa nyanja. Amati ndi amisala, koma ndi okhawo akunena poyera zomwe aliyense akubisa. Mbali imeneyo mukasowa woisewera mundiitane, msinkhu ndakwana.

Tsopano ndibwere kwa iwe mtsikana. Ukumukonda Adela, ndipo sindikudabwa. Amavala diresi lobiriwira pakati pa zakuda zokhazokha, n'kupita kukadzionetsa kwa nkhuku poti palibenso wina womuona. Pamapeto amathyola ndodo ya mayi ake. Ine ndemwe ndinaomba m'manja pamenepo tsiku loyamba kuwerenga. Koma tayang'ana yemwe akumuthyolera ndodoyo. Pepe el Romano ndi mnyamata wa zaka 25 amene wafunsira Angustias, osati chifukwa cha chikondi, koma chifukwa Angustias yekha ndiye ali ndi chuma chomwe anasiyiridwa ndi bambo ake, mwamuna woyamba wa Bernarda. Usiku amacheza ndi chitomero chake pazenera, akachoka pamenepo n'kuzembera kwa mng'ono wake mpaka m'bandakucha. Adela akudziwa zonsezi, ndipo akuvomera kukhala wam'seri pamene mkulu wake akhale wapanyumba. Kodi umenewo ndiwo ufulu ukuunenawu? Wathawa ndodo ya mayi n'kukadzipereka m'manja mwa munthu amene sanamulonjeze ngakhale chitenje. Chilakolako sindichinyoza, tonse tinabadwa nacho, ndipo chikatsekeredwa m'chipinda chopanda zenera chimathamangira kuwala kulikonse kumene chaona, ngakhale kukhale kwa moto.

Chimene chimandipweteka ine kwambiri n'chakuti Pepe saoneka n'komwe pabwalo. M'sewero lonse mulibe mwamuna amene owonerera amamuona. Komabe nyumba yonse ikuzungulira pa iye. Bernarda amamuwombera mfuti n'kuphonya, iye n'kuthawa wamoyo pa kavalo wake. Martirio amalankhula ngati waphedwa, Adela n'kukhulupirira, n'kukadzimangirira. Amati mapanga awiri avumbwitsa, koma apa wa mapanga awiriyo wapita wouma, wavumbwa ndi mwana wa eni. Izi zinachenjezedwa kale m'sewero lomwelo. Kavalo wamphongo akuponda khoma chifukwa cha kutentha, Bernarda amalamula kuti amumasule akagubuduke pa udzu, koma akavalo aakazi atsekeredwe. Ndipo pamene anthu a m'mudzi akukhwekhwereza mtsikana amene anabereka mwana wapathengo n'kumupha chifukwa cha manyazi, palibe ndi mmodzi yemwe akufunsa kuti mwini mimbayo ali kuti. Iwe mnyamata, funso limeneli ndi lako. Ndaphunzitsa sukulu zaka zambiri, ndipo ndinaona atsikana akusiya kalasi chifukwa cha mimba, anyamata owapatsawo n'kulemba mayeso bwinobwino.

Mwandifunsanso ngati zoterezi zingachitike kwathu. Pomwe mwambo wathu ukuyenda bwino, mtsikana amakhala ndi kokaulula: kwa agogo ake, kwa azakhali, kwa anankungwi, ndipo za ukwati zimadutsa mwa ankhoswe ndi amalume. M'nyumba ya Bernarda mulibe khomo lotere. Wantchito wake wa zaka zambiri, Poncia, amayesa kumuchenjeza, iye n'kumukumbutsa kuti ndi wantchito chabe. Koma tisadzitame. Nafenso tili nayo miyambo yomwe katundu wake amasenza ndi mkazi yekha, monga kulowa kufa ndi kulanda chuma cha amasiye, ndipo yakhala ikutetezedwa ndi mawu omwewo akuti anthu ati chiyani.

Pokonza sewero lanu, musamusandutse Bernarda mfiti yokalipa kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mawu ake oyamba pabwalo ndi olamula kuti anthu akhale chete, ndipo omaliza ndi omwewo, mtembo wa mwana wake uli m'chipinda, iye akuumirira kuti m'mudzi mumveke zoti Adela wafa ali namwali. Amene adzasewere mbaliyo anene mawu omalizawo monjenjemera, ngati mayi wamantha amene akudziletsa kulira. Ndipo ine mundisungire mpando wakutsogolo, makutuwa anayamba kugontha.