Loko wa njinga ya mwana wa sukulu: mugule uti?

Mayi wina wa ku Mchinji wanditumizira imelo. Mwana wake wamwamuna, wa zaka 12, ali Sitandade 7 ndipo wayamba kupita kusukulu pa njinga imene bambo ake anamugulira. Njinga ya mnzake inabedwa temu yatha pasukulu pomwepo, masanasana. Kuhadiweya mayiyu anapeza loko wa waya wa manambala, tcheni cha loko wa kiyi, ndi loko wolemera wopindika ngati chilembo cha U. Funso lake ndi lakuti agule uti.

Amayi, gulani tcheni cholimba ndi loko wa kiyi. Ena awiriwo ndifotokoza chifukwa chake ndikuwaika pambuyo.

Loko wa waya uja amakopa chifukwa ndi wopepuka, wotchipa, ndipo pulasitiki yake yonyezimira imamuonetsa ngati wonenepa. Mukaisenda pulasitikiyo mupeza timawaya ting'onoting'ono topotana. Chodulira zitsulo chija amati bolt cutter chimamudula kamodzi kokha, ndipo ngakhale pulayala yakuthwa imamutha, kawaya kamodzikamodzi. Za manambalazo ndiye zimandidetsa nkhawa kwambiri pa mwana. Loko wa manambala atatu ali ndi njira 1,000 zokha zosanjira manambalawo, wa manambala anayi 10,000. Mnyamata wopanda chochita akhoza kuyesa njira 1,000 zonsezo ola lisanathe. Ndipo nthawi zambiri safunika n'kuvutika komwe, chifukwa mwana wanu adzauza mnzake wapamtima nambalayo, mnzakeyo adzauzanso wake, pofika Lachisanu kalasi yonse ikuidziwa. Ana ena pokhoma amangosuntha nambala imodzi yokha kuti asavutike poweruka, moti wakuba amangopotokola kamodzi.

Loko wa U ndi wolimba, sindikutsutsa. Kampani ya Kryptonite ya ku America ndiyo inamutchukitsa m'zaka za m'ma 1970, ndipo m'mizinda ngati London ndi amene anthu amadalira, chifukwa kumeneko m'misewu muli zitsulo zopyapyala zokhomedwa pansi zoti anthu azimangirirapo njinga. Kusukulu za kwathu kuno njinga imatsamira mtengo wa mango, chipilala cha khonde kapena mpanda. Loko wa U sangazungulire thunthu la mtengo. Mwana akaona kuti sizikukwana amangokhoma tayala ku fulemu n'kuthamangira ku asembule, ndipo njinga yotere munthu amangoinyamula paphewa kapena kuiponya m'ngolo. Vuto lomweli lili ndi kaloko kaja kamene kamabwera kale pa njinga zambiri za mtundu wa Hero ndi Phoenix, kotsekera masipoko a kumbuyo. Kamaletsa njinga kupalasidwa, koma sikaletsa kunyamulidwa.

Tcheni chimapindika mmene mukufunira, n'chifukwa chake chikuyenera malo athu. Koma matcheni amasiyana. Chomangira galu kapena chotsekera geti ya khola ndi chachitsulo chofewa, sowo yodulira zitsulo imachidula mosavuta. Funsani chachitsulo cholimbitsidwa, chimene papaketi amalemba kuti hardened. Popeza zolembalembazi nthawi zina zimanama, pitani nacho kwa wokonza njinga kapena wowotcherera zitsulo achikhule ndi tupa pa mfundo imodzi. Tupa ikaluma n'kusiya mzera wakuya, chitsulocho n'chofewa. Ikamangoterereka, mwapeza chenicheni. Wogulitsa akakana kuti muyese musanalipire, gwirizanani naye kuti mubweza chikalephera.

Kunenepa kwake, mamilimita 8 ndi abwino, koma mita imodzi ya tcheni chotere imalemera pafupifupi kilogalamu ndi theka. Cha mamilimita 6 sichikwana kilogalamu. Apa muyang'ane thupi la mwana wanu ndi mtunda umene amapalasa. Ine ndingasankhe cha mamilimita 6 chimene azichinyamula tsiku lililonse kusiyana ndi cha 10 chimene pakatha sabata ziwiri azichisiya pansi pa bedi n'kumanena kuti waiwala. Kutalika mita imodzi kukwanira. Chilowetseni m'chubu chakutha cha njinga kuti chisakande penti komanso chisamachite phokoso mumsewu.

Loko wake musaumire. Tcheni chabwino chokhala ndi kaloko ka sutikesi n'kutaya ndalama, chifukwa wakuba amangomenya kalokoko ndi mwala. Sankhani amene chitsulo chake chopindika chija ndi chonenepa mofanana ndi mfundo za tcheni, ndipo chachifupi, chosasiya mpata wolowetsa chitsulo chokanulira. Maloko a Tri-Circle, Yale ndi Viro amadziwika, ngakhale achinyengo otengera maina omwewa aliponso pamsika. Munyamuleni m'manja: wopepuka modabwitsa, kapena amene kiyi wake akugwedera m'bowo, musiyeni. Nyengo ya mvula muzidonthezamo mafuta a makina osokera kuti asachite dzimbiri.

Makiyi amabwera awiri kapena atatu. Mmodzi mumangirire ndi chingwe m'kati mwa chikwama cha mabuku, osati m'thumba la kabudula, momwe amagwa mpira ukangoyamba pa buleki. Otsalawo akhale nanu kunyumba.

Tsopano gawo limene makolo ambiri amalidumpha. Mukagula, tulukani naye panja mwanayo mumuonetse kamangidwe, ndipo achite yekha inu mukuona. Tcheni chidutse m'kati mwa fulemu, chidutsenso tayala lakumbuyo, kenako chizungulire chinthu chosazuka. Akamanga tayala lakutsogolo lokha, wakuba amamasula manati awiri ndi sipanala n'kumusiyira tayalalo. Akamanga pa chishalo kapena pa kaliyala, zonsezo zimamasulika. Mtengo ukhale woti sungadulidwe ndi chikwanje msangamsanga, chipilala chikhale chachitali choti njinga singavulidwe kudzera pamwamba. Tcheni chikoke ndithu, loko asagone pansi, chifukwa akagona pa simenti kapena pamwala amaphwanyika bwino ndi hamala. Njinga ikakhala ya kaunjika ija imene matayala ndi chishalo zimamasulidwa ndi kachogwirira popanda sipanala, pitani nayo kwa wokonza aikepo manati wamba.

Poyenda, tchenicho achikulunge pansi pa chishalo n'kuchikhoma, kapena achimange pa kaliyala ndi malegeni. Chisalendewere pa handulo, chingalowe m'masipoko n'kumugwetsa. Asachivalenso m'khosi kapena m'chiuno monga amachitira anyamata ena ofuna kuoneka.

Kaonaneninso ndi a hedi. Funsani ngati pali malo amene njinga zonse zimaikidwa moonekera kuchokera ku ofesi kapena pamene pamakhala mlonda. Ngati palibe, nkhaniyi ndi yoyenera kuitengera ku msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi: paipi imodzi yaitali yowotchereredwa pa zipilala ziwiri zothiridwa simenti imasunga njinga zambiri, ndipo makolo atasonkherana si ndalama yoopsa.

Lero lomwe, itembenuzeni njingayo matayala m'mwamba. Pa fulemu, kawirikawiri pansi pamene pamalumikizana mapedulo kapena pansi pa chishalo, pali nambala yodindidwa pachitsulo. Ilembeni kuseri kwa lisiti, muijambulenso pafoni pamodzi ndi njinga yonseyo. Ikadzasowa, apolisi adzafuna umboni woti ndi yanu, ndipo wakuba amatha kusintha penti, chishalo ndi matayala usiku umodzi.