Hiroshige wa madola 80: ndi weniweni kodi?

Mwandilembera pa imelo kuti mwaona pa intaneti chithunzi cha Hiroshige, wojambula wa ku Japan, cha mvula pa mlatho wa Shin-Ōhashi, mtengo wake madola 80, ndipo wogulitsa akulumbira kuti n'chenicheni. Mukufunsa ngati mugule.

Poyamba dziwani kuti ntchito ya Hiroshige inali kujambula basi. Mmisiri wina ankamata chojambulacho pathabwa la mtengo wa cherry n'kusema, moti chojambula choyambirira chinkathera pomwepo. Mtundu uliwonse unali ndi thabwa lake. Munthu wachitatu ankapaka utoto, kuyala pepala, n'kulitikita kumsana ndi kachipangizo kokutidwa ndi khungu la nsungwi kotchedwa baren. Zithunzi zinkatuluka mazanamazana, anthu wamba a ku Edo (Tokyo wa lero) n'kumagula motchipa.

Choncho funso labwino n'lakuti: chinadindidwa liti, ndi matabwa ati? Cha mvulacho chinatuluka mu 1857, Hiroshige n'kumwalira mu 1858. Cha nthawi imeneyo pa madola 80, iwalani. Chithunzi cha funde cha Hokusai, wojambula wina wa ku Japan, chinagulidwa madola oposa 2.7 miliyoni ku okushoni ya Christie's ku New York mu 2023.

Pemphani wogulitsa akujambulireni kumsana kwa pepalalo. Ine ndimayambira kumeneko. Chodindidwa pamanja utoto umalowerera mpaka kuseri, ndipo mumaona timizere tozungulira pomwe baren inadutsa. Cha makina kuseri n'koyera mbee, ndipo mukachiyang'ana ndi galasi lokulitsa muona timadontho. Kenako onani mvulayo. Mizere yake ndi yopyapyala ngati ulusi, ina yakuda ina yotuwa, yopendekeka mosiyana pang'ono. Thabwa likatha, mizere yotere ndiyo imayamba kuduka. Kumwamba kuli mtambo wakuda womwe umazilala pang'onopang'ono. Wodinda ankaupaka ndi bulashi pathabwa asanadinde pepala lililonse, n'chifukwa chake palibe ziwiri zofanana ndendende. Van Gogh, wojambula wa ku Netherlands, anachikonda chithunzichi mpaka kuchikopera ndi penti mu 1887.

Ngati ndi chamanja koma chosemedwanso masiku ano, monga zomwe amapanga amisiri odinda a Adachi ku Tokyo, gulani ndithu, bola wogulitsa asiye kunama. Ine ndili nacho chimodzi chotero ndipo sindichita nacho manyazi.

Chikafika musachipachike poomba dzuwa. Changa choyamba ndinachiika moyang'anana ndi zenera, pofika chaka chachiwiri pinki yense anali atathawa.