Mwana wanga wamkazi amangokhulupirira chilichonse

Azakhali,

Ndimakhala ku Kawale ndipo ndimagulitsa kaunjika mumsika wa Tsoka. Mwana wanga woyamba ali ndi zaka 15, ali Fomu 2 ndipo m'kalasi amakhoza bwino, koma chimene chikundisowetsa tulo n'chakuti amakhulupirira chilichonse chimene wauzidwa. Mwezi watha anabwera ndi foni imene anapatsidwa ndi bambo wina wagalimoto, ndipo nditamufunsa chimene bamboyo akufuna anangoti, "Akuti n'chithandizo chabe." Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 5, choncho akandifunsa zinthu ndimamuuza kuti akafunse bambo ake. Kodi ndinalakwitsa pati?

Mayi wodandaula, Kawale

Mayi anzanga,

Foniyo ibwezedwe sabata yomwe ino, ndipo mukaibweze inu ndi bambo a mwanayo, osatuma mwana. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amanena kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, kotero bamboyo akapitiriza kumutsatira, kanenani kupolisi ku ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza ya Victim Support Unit kapena imbani nambala yaulere yothandiza ana ya 116.

Koma mawu amene andigwira mtima m'kalata yanu ndi akuti "kafunse bambo ako." Mtsikana amene wakula akumva mawu amenewa tsiku ndi tsiku amaphunzira kuti nzeru zimakhala kwa mwamuna ndipo gawo la mkazi n'kuvomera, ndiye mwamuna wina akadzaimitsa galimoto n'kulankhula mosadodoma, mwanayo alibe poyambira kukayika. Akuluakulu anati make mbuu, mwana mbuu.

Chikundiwawa n'chakuti inu si munthu wopanda nzeru ayi. Mukamatsegula belo ya kaunjika mumatembenuza malaya kuti muone msoko, mumaunika nsalu padzuwa kufunafuna pobooka, ndipo wogula akakunyengererani ndi mawu okoma kuti mutsitse mtengo, mumawerengetsa mumtima n'kukana popanda kupepesa. Kumeneko ndiye kuganiza mozama kumene mukufuna mwana wanu akhale nako, kungoti inu mumakusiya pabenchi la kumsika mukamaweruka, n'kufika kunyumba ngati mlendo.

Loweruka likubwerali mutengeni kumsikako, ndipo muziganiza mokweza iye akumva: chifukwa chimene mwakanira belo iyi, chimene mwakayikira kasitomala uja, mmene mwadziwira kuti ngongole ya kubanki mkhonde mubweza pa nthawi yake. Akakufunsani za kusukulu zimene simukuzidziwa, nenani kuti, "Sindikudziwa, koma tandifotokozera mmene aphunzitsi ananenera tione ngati zikumveka." Mayi amene amavomera kusadziwa popanda manyazi amaonetsa mwana kuti kufunsa si uchitsiru.

Ndikuchenjezeni chinthu chimodzi, pakuti ambirife tinalangizidwa kuti mtsikana waulemu sayankha akuluakulu. Mwanayu akayamba kufunsa kuti "chifukwa chiyani," adzayambira pa inu nomwe, ndipo tsiku limenelo musadzamutche wamwano malinga ngati walankhula mwaulemu. Mukamutseka pakamwa kunyumba, kunjanso adzakhala duu. Bambo akenso muwapemphe kuti nthawi zina azimubweza kwa inu kuti, "Amayi ako akuti bwanji?"

Musanabweze foniyo, khalani naye pamkeka madzulo muli awiri, mumufunse kuti munthu amene sadziwa ngakhale dzina la makolo ake angamugulire foni chifukwa chiyani. Mukafunsa, musamuyankhire, ngakhale atakhala chete mpaka nsima kuzizira.

Azakhali