Musanavomere ophunzira odzipereka ochokera kunja

Mayi, mwanena kuti yunivesite ina ya kunja ikufuna kutumiza ophunzira 10 kuti adzathandize pa bungwe lanu kwa milungu 4, ndipo mukuopa kuti phindu lingapite mbali imodzi. Mantha anuwo ndi omveka. Ophunzirawo phindu lawo nlodziwikiratu: malikisi, luso ndi zolemba pa CV. Lanu ndi limene liyenera kulembedwa m'pangano, apo ayi silioneka.

Ntchito musankhe ndinu, osati iwo. Khalani pansi ndi antchito anu, mulembe ntchito zitatu zotheka kumaliza m'milungu 4, monga kulowetsa kaundula mu kompyuta kapena kusanja laibulale. Pa ntchito iliyonse pakhale munthu wanu wogwira nawo limodzi, amene adzaipitirize alendo akapita. Zomanga ndi zopenta zikaneni. Amisiri a m'dera lanu amazidziwa bwino, ndipo mungowalanda ganyu.

Pamene mabungwe ambiri amalakwitsa ndi pa ndalama zobisika. Sabata yoyamba imathera kulondolera alendo, kuwamasulira ndi kuwayankha mafunso, ndipo wochita zimenezi amakhala wasiya ntchito yake. Werengani maola ake, mafuta a galimoto, intaneti ndi malo ogona, zonse zilowe mu bajeti ndipo zilipiridwe alendo asanafike. Funsaninso a yunivesiteyo mosapita m'mbali kuti pa ndalama zimene wophunzira aliyense wapereka pa ulendowu, ndi zingati zikufika kwa inu. Akayamba kuzemba funso limeneli, mwadziwa kale mtundu wa ubale umene akufuna.

Wophunzira asachite chimene saloledwa kuchita kwawo. Amene sanamalize maphunziro a udokotala asasoke bala kapena kulemba mankhwala popanda woyang'anira. Ngati bungwe lanu limagwira ntchito ndi ana, wophunzira aliyense abwere ndi kalata ya apolisi a kwawo yosonyeza kuti alibe mlandu, asatsale yekha ndi mwana, ndipo asaike zithunzi pa Facebook popanda chilolezo cha makolo. Za kuwatumiza ku nyumba za ana amasiye musayerekeze n'komwe: ana amazolowera munthu amene mawa lake akuchoka. Mu 2018 dziko la Australia linafika pozindikira kuti kusonkhanitsa ana m'nyumba zotere pofuna kukopa alendo ndi ndalama zawo ndi ukapolo wamakono.

Onaninso masiku, poti tchuthi chawo chikhoza kugwera nthawi ya mayeso kapena yotanganidwa kwa inu. Akachita kafukufuku, lipoti mulilandire ndipo dzina la wantchito wanu likhalepo. Pemphani kuti antchito anu mmodzi kapena awiri nawonso apite ku yunivesiteyo. Apa chovuta chimakhala visa, choncho kalata yoitanira, tikiti ndi inshuwalansi zikhale udindo wa yunivesiteyo, zolembedwa.

Sainani pangano la chaka chimodzi chokha. Pakatha miyezi 6 alendo atachoka, onani ngati ntchito zija zikuyendabe, kenako muganize zowaitananso.