Chigaza chovala suti chija ndachidziwa, koma mwana asayambire pamenepo

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Mabvuku, kuno ku Harare. Ndaidulako pang'ono, koma mutu wake ndi uwu:

"Achimwene, mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 12. Amalume ake anamusiyira laputopu yakale, ndiye pano nyimbo yake ndi magemu basi. Ine za mfuti ndi zokhetsa magazi sindizifuna m'nyumba mwanga, komanso bandulo ya tsiku ndi tsiku sindingaikwanitse. Ndili mtsikana, mlongo wanga ankasewera gemu ina ya chigaza chovala suti, cholankhula ngati bwana wa mu ofesi, ife tonse titaunjikana kumbuyo kwake. Dzina ndinaiwala. Kodi ilipobe? Nanga mwanayu ayambe ndi iti?"

Achemwali, chigaza chanucho ndinachizindikira ndisanafike n'komwe kumapeto kwa kalata. Dzina lake ndi Manny Calavera, ndipo gemuyo ndi Grim Fandango, yomwe kampani ya LucasArts inatulutsa mu 1998 motsogozedwa ndi Tim Schafer. Simunalakwe kumuyesa munthu wa mu ofesi. Manny ndi kalaliki wogulitsa matikiti a ulendo kwa anthu amene angomwalira kumene. Amene anakhala bwino ndi anzake padziko amapatsidwa tikiti ya sitima yotchedwa Number Nine n'kukafika kopumulira m'mphindi 4 zokha, pomwe ena onse amayenda zaka 4, ena wapansi, ndodo kumanja. Kenako Manny amatulukira kuti mu ofesi yawo yomweyo muli akathyali amene akuba matikiti a anthu olungama n'kumagulitsa kwa a ndalama. Katangale mpaka kumanda, achemwali. Maonekedwe a zigazazo anawatengera ku mwambo wokumbukira akufa wa ku Mexico. Gemuyi ilipobe, anaikonzanso mu 2015, ndipo kwa ine ndi yokongola kuposa zonse zimene nditchule pano.

Koma mwana asayambire pamenepo. Mfundo zake zina n'zolimba moti ngakhale munthu wandevu amakanda mutu sabata yathunthu, nthabwala zake n'za anthu amene analawapo zowawa za kuntchito, ndipo yokonzedwanso ija imafuna kompyuta yamphamvupo kuposa imene ndikuiganizira kuti amalume anasiya. Imeneyo isungeni, ikhale yanu.

Mtundu wa magemu amenewa pa Chingelezi amati adventure. Mulibe kuthamangitsa zala. Umayendetsa munthu m'nkhani, kulankhula ndi amene wakumana nawo, kutola tinthu n'kuika m'thumba, kenako n'kumaganiza kuti kodi chingwe ichi ndi nthochi iyi zingatsegule bwanji chitseko chija. Anayamba opanda chithunzi n'chimodzi chomwe. Colossal Cave Adventure, ya Will Crowther mu 1976, inali mawu okhaokha: kompyuta imakuuza pamene waima, iwe n'kulemba chimene ukufuna kuchita. Zithunzi zinabwera ndi Roberta ndi Ken Williams, amene anapanga Mystery House mu 1980, ndipo kampani yawo ya Sierra inatchuka ndi King's Quest mu 1984. Kenako mu 1987 Ron Gilbert ndi Gary Winnick anatulutsa Maniac Mansion, momwe m'malo molemba ziganizo umangoloza ndi kudina mawu ali m'munsi mwa sikirini.

Ine ndinakumana nawo chifukwa cha ntchito ya bambo anga. Anali mesenjala pa ofesi ina pafupi ndi Samora Machel Avenue, ndipo Loweruka ankanditenga pamodzi ndi msuweni wanga kuchokera ku Highfield kuti tisakhale tikungoyendayenda m'lokishoni. Pa tebulo la mayi wina wolemba makalata panali kompyuta, ndipo m'menemo munthu wina anali ataikamo The Secret of Monkey Island. Ife kunyumba tinkalankhula Chichewa, pamsewu Chishona, Chingelezi chinali cha kusukulu basi, choopa nacho chikwapu. Koma pa gemu imeneyi tinayamba kuchifuna tokha. Msuweni ankagwira mausi, ine dikishonale ili pamiyendo, ndipo tikasemphana maganizo ankabwera kudzatiweruza ndi mlonda wa pageti, amene kompyuta sanaikhudzepo koma nzeru za mikuluwiko anali nazo zosefukira.

Mlonda ameneyo ndi amene anandionetsa chimene magemuwa ali. Tsiku lina ataonerera kwa kanthawi anangoti, "Aaa, kani ndi ndagi izi." Ndipo ananena zoona. Kwa agogo ku Ntcheu, madzulo munthu amati "Ndagi!" ena n'kuyankha "Gize!", ndipo palibe amene amamasula ndagi ali yekha kuchipinda. Aliyense amaponya yankho lake, wina n'kusekedwa, wina n'kulasa. N'chifukwa chake m'kalata yanu mwakumbukira kuunjikana kumbuyo kwa mlongo wanu kuposa dzina la gemu. Choncho yankho langa lenileni ndi ili: musamupatse mwanayo laputopu n'kutseka chitseko. Ikani pa tebulo mukatha kudya nsima, iye agwire mausi, inu ndi ena onse a m'nyumbamo muzilongolola kumbuyo.

Tsopano ayambe ndi iti? The Secret of Monkey Island, ya mu 1990, sindikuchita kuganizira kawiri. Ndi nkhani ya mnyamata wopepera dzina lake Guybrush Threepwood, amene wafika pa chilumba cha Mêlée n'cholinga chimodzi: akhale mbava ya panyanja. Akuluakulu a ntchitoyo amamupatsa mayeso atatu, kumenya lupanga, kuba, ndi kufukula chuma chokwiriridwa, ndipo ali mkati mwa zimenezo amagwa m'chikondi ndi bwanamkubwa wa chilumbacho, Elaine Marley, amene mzukwa wotchedwa LeChuck ukumufunanso. Musadandaule ndi lupangalo. Ndewu zake amapambana ndi pakamwa. Mdani akakunyoza kuti umamenya ngati munthu wokama ng'ombe, iwe uyenera kupeza yankho logwirizana nalo, loti zakhala bwino poti iyeyo amamenya ngati ng'ombe imene. Ukayankha mophonya, wabwerera m'mbuyo. Umayendayenda pachilumbapo kutolera zinyozo ndi mayankho ake mpaka utakhwima. Aliyense amene anakulira pa chisuweni, kapena amene anaonapo asahwira a anzathu Achishona akuseleulana pamaliro, adzaona kuti masewerawa ndi akwathu.

Chimene ndimaikondera kwambiri n'chakuti siilanga mwana chifukwa chofuna kudziwa. Ron Gilbert anaipanga dala kuti munthu asamafe chisawawa, komanso asatsekeredwe njira chifukwa choiwala kanthu kumayambiriro. Pali malo amodzi otchuka pomwe Guybrush angafe: amadzitama kuti amatha kukhala pansi pa madzi mphindi 10 osapuma, ndiye ukamusiya m'madzimo kupitirira pamenepo, amamiradi. Uyenera kuchita kufuna.

Yerekezani ndi a Sierra. Sindikuwanyoza, anatilera nawonso, koma anali aphunzitsi a chikwapu. Mu King's Quest V, ya mu 1990 yomweyo, umagula chitumbuwa cha kasitadi m'tauni. Ukamva njala m'njira n'kuchidya, gemu siikuuza kanthu, umangopitirira mosangalala, mpaka kutsogolo kumapiri utakumana ndi chilombo chimene chimafunika kuchiponyera chitumbuwacho kumaso. Ulibe? Basi, bwerera kumene unaseva kalekale, kutanthauza kusunga pamene wafika mu gemu, ngati unaseva. Mwana wa zaka 12 akachitidwa zimenezi kawiri, laputopu adzaisandutsa choonerapo mafilimu. Za Sierra adzazipeze yekha akakula mtima.

Akamaliza Monkey Island, apite ku Day of the Tentacle ya mu 1993. Imaoneka ngati katuni, ndipo ili ndi nzeru imene sindinaionenso kwina. Anzake atatu amabalalika m'nyumba imodzi koma nthawi zosiyana: Hoagie zaka 200 m'mbuyo, Laverne zaka 200 m'tsogolo, Bernard n'kutsala lero. Amatumizirana zinthu kudzera m'zimbudzi zimene zasandutsidwa makina oyendera nthawi. Wa m'mbuyo akafuna viniga, amasungitsa botolo la vinyo, wa m'tsogolo n'kulipeza patapita zaka 400 litasasa, n'kumubwezera. Mtengo ukadulidwa kale, m'tsogolo umazimiririka. Mwana amaphunzira kuganiza kuti ndikachita ichi pano, chisintha chiyani uko. Chovuta chake n'chakuti nthabwala zambiri zatsamira pa mbiri ya America, za George Washington ndi Benjamin Franklin ndi kaiti yake, zimene ana athu sakumana nazo kawirikawiri. Mumufotokozere pang'ono, zina azingoseka nkhope zawo.

Pali vuto lina la chilankhulo loti ndikuchenjezeni. Monkey Island 2, ya mu 1991, ndi yabwino kwambiri, mwina kuposa yoyamba, koma muli ndagi ina imene inatidyera Maloweruka atatu. Pamafunika sipanala yotsekera pampu ya madzi, ndipo yankho lake ndi kutenga nyani wamoyo n'kumugwiritsa ntchito ngati sipanala, chifukwa ku America sipanala ya mtundu wina amaitchula ndi dzina la nyani. Ife tikanadziwira kuti? Ngakhale mlonda uja anagwetsa manja. Ndakuululirani dala imeneyi, chifukwa si ndagi yachilungamo kwa munthu wa ku Harare.

Nkhani ya ndalama tsopano. Monkey Island ziwirizo ndi Day of the Tentacle zimagulitsidwa m'masitolo a magemu a pa intaneti otchedwa GOG ndi Steam, ndipo kawirikawiri amazitsitsa mtengo mpaka madola ochepa, koma pamafunika khadi yolipirira kunja, imene si aliyense ali nayo. Ubwino wa GOG ndi wakuti ukagula n'kukopera, gemuyo ndi yako, imayenda popanda intaneti. Ngati khadi palibe, musathamangire kwa anyamata odzaza mafulashi m'tauni, mudzabwerako ndi mavairasi. Pali magemu amene eni ake anawapereka okha kwaulere. Pezani pulogalamu yotchedwa ScummVM, imene inayamba mu 2001 kuti magemu akalewa aziyenda pa makompyuta atsopano, ngakhale pa foni ya Android. Ndi yaulere, ndipo pa webusaiti yawo pomwepo pali Beneath a Steel Sky ndi Flight of the Amazon Queen. Iliyonse siifika mamegabaiti 100, kutanthauza kuti bandulo imodzi yausiku ikwanira, osadzagulanso.

Flight of the Amazon Queen, ya mu 1995, ndi yopepuka: woyendetsa ndege Joe King wagwera m'nkhalango ya Amazon ndipo akulimbana ndi wasayansi wamisala. Muli tinthabwala tina ta akuluakulu, choncho muzikhala pafupi. Beneath a Steel Sky, ya mu 1994, ndi yakuya. Robert Foster anakulira kuchipululu cha Australia, kenako asilikali anamugwira n'kupita naye mumzinda wolamulidwa ndi kompyuta, momwe olemera amakhala pansi, osauka n'kukankhidwira pamwamba kufupi ndi utsi wa mafakitale. Ali ndi kaloboti kake kamwano, Joey, kamene nzeru zake zili pa kabolodi kamene umatha kukachotsa n'kukaika m'thupi lina. Zithunzi zake anajambula Dave Gibbons, wojambula mabuku a makatuni. M'menemu munthu amafa ndithu, ndiye muziseva pafupipafupi. Kunena zoona, ndi mmene magetsi amatithimira kuno, kuseva kukhale chizolowezi pa gemu iliyonse, makamaka ngati batire la laputopuyo linatopa kale.

Myst, ya mu 1993, anthu adzakuuzani kuti ndi yofunika, ndipo inagulidwadi kuposa gemu ina iliyonse ya pakompyuta mpaka The Sims inaipitirira mu 2002. Ine siinandigwire mtima. Chilumba chokongola, chopanda woti n'kumupatsa moni, ntchito kutembenuza zitsulo. Kwa banja lofuna kuseka pamodzi, ayi.

Imene ndikufuna mudzasewere awiriwiri, mayi ndi mwana, ndi Broken Sword: The Shadow of the Templars, ya mu 1996, yopangidwa ndi Revolution Software ya ku York, ku England, omwenso anapanga Beneath a Steel Sky. Imayamba George Stobbart, mlendo wa ku America, akumwa khofi panja pa kalesitilanti ku Paris. Munthu wodzipenta kumaso ngati wa zisudzo amalowa, n'kutuluka ndi chikwama cha mwini wake, ndipo bomba limaphulika. Magazi saoneka kwenikweni, koma imfa ilimo, ndiye muyeze nokha ngati mwana wafika. George amagwirizana ndi mtolankhani Nicole Collard, ndipo kufufuza kwawo kumawafikitsa ku Ireland, ku Syria, ku Spain mpaka ku Scotland. Chingelezi chake amalankhula momveka, mawu akuonekanso pa sikirini.

Mukamatidwa, pa intaneti pali masamba ofotokoza yankho la ndagi iliyonse. Sindikuletsani. Pa ndagi za kwathu, ukalephera umapereka ng'ombe ya pakamwa kuti mwini ndagi akuululire, ndiye inunso ikani mtengo: kutsuka mbale, kapena kudikira mpaka mawa. Nthawi zambiri yankho limabwera lokha uli mu kombi, pakati pa Mabvuku ndi tauni, osaliganiziranso n'komwe.

Ndipo mudzamatidwa, ndikudziwa ndi malo ake omwe. Ku Ireland, m'bwalo la nyumba yakale yachifumu, muli mbuzi yomangidwa imene imagunda George nthawi iliyonse akayandikira khomo limene akufuna. Mbuzi imeneyi inaliza anthu ambirimbiri ku Ulaya, moti potulutsanso gemuyi anaifewetsa. Ngati mwapeza yakale ija, musandilembere msanga. Mufunseni kaye mwanayo, kapena agogo ake ngati ali pafupi, kuti mbuzi yomangidwa pachikhomo imalekezera pati, nanga chingwe chake chingakodwe mu chiyani.