Dzanzi la m'zala usiku

Funso: Ndimasoka zovala ku Kamwala. Usiku ndimadzidzimuka chifukwa cha dzanzi m'dzanja lamanja, ndipo limatha ndikakutumula dzanjalo. Masiku ano ngakhale singano ikumandipulumuka. Kodi vuto ndi chiyani? Mayi wa ku Chawama, Lusaka.

Yankho: Mayi, zomwe mwafotokozazi zikufanana ndi matenda a carpal tunnel syndrome. Pamfundo yolumikiza dzanja ndi mkono pali kampata kopapatiza momwe mumadutsa mtsempha wotchedwa median, ndipo ukapanikizika, dzanzi limagwira chala chachikulu, cholozera, chapakati ndi theka la chala chachinayi, koma kachala kakang'ono kamatsala. Vutoli limakonda kugwira amayi, makamaka oyembekezera, komanso odwala shuga, nyamakazi kapena chithokomiro. Kugwira sizasi tsiku lonse kungawonjezere vutoli.

Kuchipatala adokotala adzagogoda pamtsemphawo ndi kukupinditsani dzanja kwa masekondi 60 kuti aone ngati dzanzi libwera. Angayezenso shuga m'magazi, kapena kukutumizani kukapimidwa liwiro la uthenga mumtsemphawo ndi makina amagetsi. Kupulumuka kwa singanoko kwandidetsa nkhawa, chifukwa mtsempha ukapanikizika nthawi yaitali mnofu wa m'munsi mwa chala chachikulu umafota. Chonde pitani kukiliniki sabata ino.